Ndasunga K1,400,000 ya kompyuta ya magemu, ndiyambire pati?

Chitakale_Boy
Akuluakulu, moni nonse. Ine pano ndimangowerenga chamumtima, koma lero ndabwera ndi langa. Chaka chonsechi ndakhala ndikuponya pambali ndalama za ganyu wojambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo zafika K1,400,000. Ndikufuna kompyuta ya pa tebulo, ndigule zipangizo chimodzichimodzi ndilumikize ndekha. Cholinga ndi FC (gemu ya mpira ya EA), GTA V ndi Euro Truck Simulator 2, koma masana ndizidulirapo mavidiyo a makasitomala, chifukwa laputopu yanga ikangoona vidiyo ya ukwati imalira ngati chigayo cha dizilo. Sikirini ya 1080p ndili nayo kale, kiyibodi ndi mausi ziliponso. Msuweni wanga amagwira ntchito ku Johannesburg, akubwera pa basi mwezi wamawa, wati atha kundinyamulira tinthu tosalemera. Mnzanga wina akuti ndalama zonse ndiponye pa graphics card, chipangizo chotulutsa zithunzi za gemu pa sikirini, zinazo ndingotola zotchipa. Zoona zimenezo? Ndili pa Chitakale.

Maule_Wa_Pa_Nkando
Gula PS4 ya kaunjika aise, chenji ukadyere kanyenya. Nkhani yatha.

Chitakale_Boy
PS4 idula vidiyo ya ukwati?

Maule_Wa_Pa_Nkando
Ukanayamba ndi zimenezo.

Noma_Mpaka_Kale
Wanena pamwambapo, iwe suwerenga. Vuto la anthu a timu yanu ndi lomweli.

MdalaWaMawaya
Mwana wanga, mnzako uja akukulangiza ngati munthu wokhala ku dziko lomwe magetsi sazima. Ine magemu sindiwadziwa, ntchito yanga ndi mawaya a m'nyumba, koma makompyuta opsa ndawaona ochuluka kuyambira pa Boma mpaka ku Limbuli. Chimene chimapha zinthu kuno si kuzima kwa magetsi ayi, ndi kubwera kwake. Akamabwera amayamba aphethira kawiri katatu, nthawi zina amabwera ofooka babu n'kumangofiira. Choyamba kulandira nkhonya imeneyo ndi power supply, imene imagawa magetsi mkati mwa kompyuta. Ikakhala yabwino imadzizimitsa kapena kufa yokha. Ikakhala ya zija zopepuka ngati chitini cha mkaka chopanda kanthu, zolembedwa 650W koma dzina losadziwika, imafa n'kutengana ndi motherboard, pobayapo zipangizo zonse, ndi card yako yodulayo. Ndiye pa ndalama zakozo yamba wapatula ya power supply yeniyeni ndi UPS, kabokosi ka batire kogwirizira kompyuta magetsi akazima, zotsalazo ndiye muzikangana ndi anzakowa.

Chinanso. Pita ukaone ngati nyumba ukukhalayo ili ndi waya wa earth wofikadi pansi. Nyumba zambiri za lendi soketi ili ndi mabowo atatu koma kumbuyo kuli mawaya awiri okha. Ka surge protector popanda earth ndi chokongoletsera chabe. Ndipo mvula ya mabingu ikamatsika m'phirimu, zula pulagi kukhoma. Mphezi siiona kuti wagula chotetezera cha ndalama zingati.

Bvumbwe_Tech
A Mdala anena zoona, ine ndingoonjezera za zipangizozo. Pa 1080p simukufunika zinthu za chaka chino. Ndikanakhala ine ndikanatenga processor, ubongo wa kompyuta, ya Ryzen 5 5600. Ili ndi ma core 6, imadya 65W yokha, ndipo m'bokosi mwake mumabwera kale fani yoziziritsa, ndiye simuwononganso ndalama pamenepo. Motherboard ikhale B550 kapena B450 yotchipa ya ma slot anayi a RAM, memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayenda. RAM ikhale DDR4 3200, timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB. Tiwiri timayenda limodzi ngati msewu wa mizere iwiri, kamodzi kamapanikiza processor. Card ikhale RX 6600 ya 8GB. Chimene ndimaikondera si liwiro lokha, koma kuti imadya 132W basi, kutanthauza kuti kompyuta yonse pa gemu ili cha m'ma 250W. Power supply ya 550W ya 80 Plus Bronze ya dzina lodziwika, monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, ikukwanira ndi kutsalako. SSD yosungira mafayilo ikhale ya NVMe, 1TB ngati thumba lilola.

FC 24 pa zimene EA inalemba imafuna GTX 1050 Ti kuti ingoyenda, GTX 1660 kuti iyende bwino. RX 6600 ili pamwamba pa zonse ziwirizo. GTA V ndi ya kale, imeneyo musaiganizire n'komwe.

Case musaitanitse kunja, ndi yolemera komanso ifika yopindika. Mugule ku Limbe yotchipa, bola kutsogolo kukhale kolowera mpweya, osati galasi lotseka ponseponse.

Chitakale_Boy
Zikomo kwambiri bwana. Koma zonsezi zikwana pa ndalama yanga?

Bvumbwe_Tech
Mtengo sindingakulonjezeni. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu November 2023, mtengo wa chinthu chochokera kunja umatengera kuti wogulitsayo dola kapena randi waipeza bwanji sabata imeneyo. Kuonjezera apo RAM inakwera padziko lonse kumapeto kwa 2025 chifukwa makampani a AI akuikokera kwawo. Uzani msuweni wanu akutumizireni mitengo ya m'marandi, muwerengere limodzi ndi mmene mumutumizire ndalamayo. Zonse zatsopano mwina zikuvutani, processor ndi RAM mutha kugula zogwiritsidwapo kale, sizifa wamba.

Luchenza265
Inu mukumuwonongetsa ndalama mwanayu. Ine ndinagula Dell OptiPlex ya mu ofesi, i5-6500, ndinaika GTX 1650 yaifupi ija yosafuna chingwe cha magetsi, imangodya 75W za pa slot. Chaka chachitatu tsopano, ana a pa Luchenza amasewera mpira pamenepo Loweruka lonse, amalipira pa gemu, inabweza kale ndalama yake. Theka la ndalama zakezo likwana, theka linalo agule kamera ina.

Bvumbwe_Tech
Njira imeneyo ndi yabwino kwa amene ali ndi ndalama zochepa kuposa apa, sindikutsutsa. Koma taonani kumene ikuthera. Power supply ya m'makina a mu ofesi ndi yaing'ono ndipo mapulagi ake ndi a mtundu wawo, simungangoichotsa n'kuika ina. Tsiku lomwe mudzafune card yokulirapo, mudzapeza kuti siikwana m'bokosimo. Chachiwiri, i5-6500 ili kunja kwa mndandanda wa Windows 11, umene umayambira pa Intel ya m'badwo wa 8, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Chachitatu, 4GB pa card ndi yochepa pa magemu atsopano.

Luchenza265
Ana a pa Luchenza sanandifunsepo za Windows. Amafunsa kuti pad yachiwiri ili kuti.

Nachisale_Wa_Ku_Likhubula
Ndiloleni ndiponyepo yanga, ngakhale ena pano amadabwa akaona mzimayi akukamba za processor. Ine ndinayamba ndi Ryzen 5 5600G, ija ili ndi graphics mkati mwake, popanda card iliyonse. Ndinkachitira ntchito zanga za ma poster ndi makadi a ukwati, madzulo GTA V pa zoikamo zotsika, eFootball imayendanso. Patatha miyezi isanu ndi iwiri ndinapeza ndalama ndinagula card n'kungoibaya. Ubwino wake waukulu ndi uwu: card ikadzafa, kompyuta yako siikhala chitsa. Umazula card, n'kubaya chingwe pa motherboard, ntchito ya kasitomala n'kupitirira. Kwa munthu amene amadya za mavidiyo a maukwati, nkhani imeneyi si yaing'ono. Mkwatibwi sangamve zoti tidikire card ichoke ku Johannesburg.

Bvumbwe_Tech
Achemwali, mfundo ya ntchitoyo ndaigwira, ndi yamphamvu. Koma auzeninso mtengo wake. 5600G ili ndi cache, memory ya mkati mwa processor, ya 16MB pomwe 5600 ili ndi 32MB, ndipo imalumikizana ndi card pa msewu wakale wa PCIe 3.0 wokha. Ndi RX 6600 kusiyanako n'kochepa, koma asadzayerekeze kuiphatikiza ndi RX 6500 XT. Card imeneyo ili ndi mizere inayi yokha, pa PCIe 3.0 imatsamwa, ndiponso ilibe chopanikizira mavidiyo mkati mwake. Kwa wodula mavidiyo ndi kutaya ndalama m'madzi.

Nachisale_Wa_Ku_Likhubula
Pa sikirini ya 60Hz ngati ali nayoyo, cache imeneyo adzaiona ndi maso ati? Mafelemu opitirira 60 akungotayika.

Bvumbwe_Tech
Apo mwandigwira.

Noma_Mpaka_Kale
Mbiri ilembedwe, Bvumbwe wavomera kugonja.

Sapitwa3002
Palibe amene wanena za RX 580? Yadzadza pa Facebook, 8GB, mtengo wa mbuzi imodzi.

KabazaDigital
Aise usamuphe mnzako. Ine ndinagwa m'mbuna yomweyo. Ndinakumana ndi mkulu wina m'tauni, card ili mu jumbo ya shuga, akuti "yangogwira miyezi iwiri, mwini wake wapita kunja." Anandionetsa vidiyo pa foni ikuyenda. Ndinalipira, ndinakwera minibasi ya Midima mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe. Kufika kunyumba, mphindi khumi za gemu, sikirini yonse timabokosi tobiriwira, kenako bii. Nditatsegula, phala loziziritsa lija linali louma ngati dothi la mu October, fani imodzi ikugwedera. Nambala ya mkulu uja mpaka lero "siikupezeka". Ndinadya nsima ya masamba a maungu mwezi wathunthu.

Bvumbwe_Tech
Pepani aise. Ma RX 580 ambiri anagwira ntchito yokumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum usana ndi usiku, ndipo kukumbako kutatha mu September 2022 anakhuthulidwa pa msika. Sikuti onse ndi oola, ena amayenda bwinobwino ukasintha phala. Koma pali ziwiri. Ambiri olembedwa 580 ndi mtundu wa 2048SP, umene mphamvu yake ndi ya RX 570. Ndipo 580 yeniyeni imadya 185W, kuposa RX 6600 imene ikuiposa liwiro. Kwa ife a UPS ndi inveta, ma watts amenewo ndi mphindi.

Ogula card ya kaunjika lamulo ndi limodzi: osalipira usanaione ikuyenda pamaso pako. Tenga flash yokhala ndi GPU-Z ndi FurMark. Yoyambayo ikuuza dzina lenileni la card, yachiwiriyo iikamule mphindi 15 uone kutentha kwake ndi ngati sikirini ikuchita mawanga. Wogulitsa akayamba zoti "ndikuthamangira maliro", nyamuka uzipita. SSD ya kaunjika chimodzimodzi, CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene yagwira ntchito.

Sapitwa3002
Yanga ili chaka chachiwiri, palibe vuto.

KabazaDigital
Ukapereke chopereka ku tchalitchi.

Maule_Wa_Pa_Nkando
Koma nonsenu mukuvutikira FC, mulibe Bullets mulibe Wanderers. Mukusewera matimu a azungu okhaokha.

Noma_Mpaka_Kale
Bola mulibe, mukanamatigwetsa ulesi ndi pa kompyuta pomwe. Chaka chino tionana.

Maule_Wa_Pa_Nkando
"Chaka chino" munayamba kunena ndili ku pulayimale.

MlimiWaTiyi
Anyamata, za mpira pitani nazo kwina. Ine funso langa ndi la chiperoni. Kuno ku Thyolo mwezi wa June ndi July nkhungu imalowa mpaka kuchipinda, zovala m'kabati zimachita nguwi. Kompyuta ya mwana wanga inayamba kukana kuyaka m'mawa, masana n'kuyaka yokha. Chinyezi chimenechi chimawononga?

MdalaWaMawaya
Chimawononga pang'onopang'ono, makamaka chikakumana ndi fumbi. Fumbi louma silivuta kwambiri, koma likanyowa limakhala ngati phala pa timawaya. Musaiike pansi pa simenti kapena kuigunditsa khoma lakunja, ikhale pa tebulo. Muziiyatsa tsiku ndi tsiku ngakhale kwa kanthawi, kutentha kwake komwe kumaumitsa mkati. RAM muizule, mupukute mano ake agolide aja ndi labala ya pensulo, mubwezere. Nthawi zambiri matenda a m'mawawo amathera pomwepo. Ndipo muyang'anemo, ine ndinapezapo nalimata wowauka mkati mwa power supply ku Muloza. Anapita kukaotha.

MlimiWaTiyi
Zikomo akulu, ndiyesa za labalazo Loweruka.

Chitakale_Boy
Tibwerere kwa ine pang'ono mabwana. UPS ndigule ya bwanji? Ndaona ya 650VA, wogulitsa akuti imasunga maola awiri.

MdalaWaMawaya
Maola awiri akuyatsa chiyani, tochi? Tiwerengere limodzi. Mkati mwa ka UPS kotero muli kabatire kamodzi ka 12V 7Ah. 12 kuchulukitsa ndi 7 ndi 84, ndiwo ma watts amene kangapereke kwa ola limodzi. Kompyuta yako ikudya 250W, sikirini payokha. Ngakhale pa pepala sizifika mphindi 20, ndipo batire likamakokedwa mwamphamvu chotero limapereka zochepa kuposa za pa pepala. Yembekezera mphindi zisanu, mwina kuposerako pang'ono likadali latsopano. Komanso VA si ma watts. 650VA nthawi zambiri ndi cha m'ma 360W, ndiye uli m'mphepete. Tenga ya 1000VA kapena kuposa, yokhala ndi AVR yowongola magetsi akafooka. Ntchito ya UPS ndi yoti usunge vidiyo ya kasitomala ndi kuzimitsa bwinobwino, osati kumaliza ligi.

Ukafuna kusewera mumdima ndiye ndi nkhani ya inveta ndi batire lalikulu. La 100Ah, pa masamu omwewo, lili ndi 1,200 pa pepala, koma la asidi sulitsitsa kupitirira theka ngati ukufuna likhalitse, ndiye maola awiri basi. Inveta yake ikhale ya pure sine wave, chifukwa ma power supply amakono ena amakana magetsi a zotchipa zija, amangolira n'kuzima. Koma zimenezo ndi za chaka china, pa ndalama yako ya lero sizikwana.

Luchenza265
Mwaona? OptiPlex yanga yonse siifika 150W. Inu muzidikira magetsi, ine ana akusewera pa sola.

Nachisale_Wa_Ku_Likhubula
Pamenepa a Luchenza ali ndi mfundo, tisawaseke. Nthawi ija Kapichira inawonongeka ndi namondwe Ana mu January 2022, tinakhala miyezi yambirimbiri magetsi akubwera usiku anthu tagona. Amene anali ndi makina odya pang'ono ndi amene ankagwira ntchito.

Thekerani_Gamer
Palibe amene wamuchenjeza za bandulo. Achimwene, card mugula, koma FC yokha imafuna malo a 100GB, GTA V nayonso ili cha komweko, ndiye pabwere ma update. Pa foni mudzalira. Pezani munthu wa intaneti yopanda malire, pano ena ali ndi Starlink, munyamule kompyuta kapena hard drive mukakopere kumeneko. Pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mafayilo a gemu amakopereka kuchoka kwa mnzanu, bola gemuyo munaigula pa akaunti yanu, imangowayang'ana n'kutsitsa zosowa zokha. N'chifukwa chake SSD ya 500GB ine ndimaikana, magemu atatu yadzadza, ndiye uzifufuta chinthu chimene unachivutikira usiku wonse?

KabazaDigital
Ndipo zija za "magemu 50 pa K5,000" za mu msika zimabwera ndi alendo, ma virus. Kompyuta ya ntchito za makasitomala usaikemo zimenezo.

Chitakale_Boy
Ndamva. Ndalankhula ndi msuweni, tawerengera. 5600 ndi RX 6600 zatsopano pamodzi ndi UPS sizikukwana, zikupitirira. Ndiye ndatsatira achemwali a ku Likhubula koma mokhotetsa pang'ono: 5600G yogwiritsidwapo kale kwa mnzake wa kuntchito, B450, RAM timitengo tiwiri ta 8GB, SSD ya 1TB, power supply ya 550W Bronze yatsopano ya m'sitolo. RX 6600 wapeza ya kaunjika, akuti akaiyesa yekha ndi FurMark. UPS ndi case ndigula ku Limbe. Pali chimene ndaiwala?

Bvumbwe_Tech
Zitatu. B450 inatuluka Ryzen 5000 isanabwere, ndiye imafuna BIOS, pulogalamu ya mkati mwa motherboard, yatsopano. Aone pa bokosi ngati pali chizindikiro cha Ryzen 5000 Desktop Ready, apo ayi aipititse ku sitolo aisinthiretu komweko, kapena asankhe yokhala ndi batani losinthira BIOS popanda processor. Mukafika nayo pa Chitakale isanasinthidwe, mudzafunika kubwereka processor yakale, ndipo sindikudziwa kuti mudzagogoda khomo la ndani. Chachiwiri, processor ya AM4 ili ndi timano pansi topindika msanga, ayiike m'kapulasitiki kake, asayikulunge m'sokosi. Chachitatu, chingwe cha magetsi chidzabwera ndi pulagi ya mano ozungulira ya ku South Africa. Musadule, ingogulani chingwe cha ketulo cha mano athu a makona.

MlimiWaTiyi
Ndipo asunge malisiti onse. Pa boda ya Mwanza a MRA akafunsa, kuli bwino kuonetsa pepala kusiyana ndi kuti akuyerekezereni mtengo. Mupatuliretu ya msonkho, musathere zonse pa zipangizo. Katunduyo akhale naye pampando, osati kunsi kwa basi pamodzi ndi mabelo.

Maule_Wa_Pa_Nkando
PS4 sifuna zonsezi, ndangodutsa.

Chitakale_Boy
Mabwana thandizeni msanga!! Katundu anafika dzulo, ndalumikiza zonse usiku, ndayatsa, mafani akuzungulira, koma sikirini ili bii. Thukuta lili thobvu pano ngakhale kukuzizira. Kodi ndawotcha?

Bvumbwe_Tech
Pumani kaye. Chingwe cha HDMI mwabaya pati, pa card kapena pamwamba pa motherboard? Nanga chingwe cha mano 8 chochokera ku power supply mwachilowetsa pa card?

Chitakale_Boy
HDMI ili pa card. Cha mano 8 chilimo.

Nachisale_Wa_Ku_Likhubula
Zimitsa, zula kukhoma. Chotsa card, baya HDMI pa motherboard, si paja unagula ya G. Ikakanabe, ndi RAM. Anthu oyamba kumene amaopa kukanikiza. Iike pa slot yachiwiri ndi yachinayi kuchokera ku processor, ukanikize mpaka imveke kuti thwa mbali zonse.

Chitakale_Boy
Yayaka!!! Inali RAM, kamodzi kanali kolowa theka. Ndabwezera card, ikuonetsanso. Achemwali, chinanazi chanu chili pa ine, chachikulu cha pa msewu wa Muloza.

Nachisale_Wa_Ku_Likhubula
Ziwiri. Ndipo lowa mu BIOS uyatse XMP, apo ayi RAM yako ya 3200 ikuyenda pa 2133 kapena 2400 iwe osadziwa.

Luchenza265
Ikadzakutopetsa undigulitse card yokhayo. Ngakhale siikwana m'bokosi langa.

MdalaWaMawaya
Zabwino zonse mwana wanga. Nanga waya wa earth uja unaona?

Chitakale_Boy
Ndinatsegula soketi, muli awiri okha a Mdala. A landilodi akuti tikambirane mwezi ukatha.

MdalaWaMawaya
Mvula siidikira mwezi kutha. Ndili ndi ntchito pa Boma Lachinayi, ndidzadutsa ndi tester ndi ndodo ya kopa, ndalama yake udzadule pa lendi. Pakadali pano ukamachoka pakhomo uzizula kukhoma. Undisungire tiyi wa mkaka, shuga masupuni atatu.